Yankho kwa bambo a ku Furancungo: bwanji osangosindikiza ndalama zambiri?

 M'kalata yanu mwafunsa kuti, popeza Banco de Moçambique ndi banki ya boma, bwanji Pulezidenti osangoilamula kusindikiza ndalama zambiri kuti alimi a fodya kwanuko ndi a mbatatesi ku Tsangano apeze bwino?

Bambo, ndalama zikachuluka pamene katundu ali yemweyo, mitengo imakwera. Fodya mugulitsa bwino, koma pofika kogula feteleza mupeza ndalamazo zilibe mphamvu. Abale athu a ku Zimbabwe anaziona mu 2008, munthu atanyamula thumba la ndalama koma osakwanitsa kugula buledi.

N'zoona kuti gavanala wa bankiyi amasankhidwa ndi Pulezidenti. Koma akakhala pampando, ntchito yake yaikulu ndi kuteteza mphamvu ya metikali, ndalama yathu kuyambira 1980. Ayenera kutha kukana ngakhale amene anamusankhayo.

Kumbukirani 2016, pamene ngongole zobisika za boma zinaululika ndipo metikali inagwa kwambiri. A Rogério Zandamela, amene anasankhidwa kukhala gavanala ndi Pulezidenti wa nthawiyo, a Filipe Nyusi, chaka chomwecho, anakweza chiwongoladzanja. Okongola ndalama analira, koma chaka chotsatira kukwera kwa mitengo kunachepa.

Choncho bambo, banki yaikulu ikamagwira ntchito popanda kukokedwa ndi andale, ndalama ya thukuta lanu imatetezeka. Tonsefe tiziyang'anira kuti zikhale choncho.