Webhook: Chida Chokuuzani Ngati Imelo Yanu Yafikadi

Kapepalaka ndi ka inu a Malawi okhala kuno ku Cape Town amene webusaiti yanu imatumiza yokha maimelo: onyamula katundu wopita kumudzi, magulu othandizana pa maliro a ku Dunoon ndi Masiphumelele, mipingo, komanso achinyamata amene mumawakonzera anthu amenewa mapulogalamu.

Vuto lili pati?

Kasitomala walipira, kompyuta yanu yalemba kuti lisiti latumizidwa, koma iye akulumbira kuti sanaone kanthu. Nonsenu mukhoza kukhala mukunena zoona. Webusaiti yanu imangopereka kalatayo kwa kampani yotumiza maimelo monga SendGrid, Mailgun, Postmark kapena Amazon SES. Kampaniyo ili ngati mwana amene mwamtuma kukapereka kalata: amadziwa ngati wapereka, wapeza kotseka kapena wauzidwa kuti mwini wake anasamuka, koma ngati simunamuuze kokakupezani, simudzamva kanthu. Webhook ndi adilesi ya pa webusaiti yanu imene kampaniyo imabweretsako malipoti amenewa.

Malipoti amene mudzalandire

Mayina amasiyanako pang'ono kampani ndi kampani. Nawa a SendGrid:

- delivered: seva ya wolandira yavomera kalatayo. Izi sizikutanthauza kuti waiwerenga, mwinanso yagwera mu spam.
- deferred: seva yakana kwakanthawi, ndipo kampaniyo iyesanso yokha.
- bounce: kalata yabwezedwa. Nambala 550 kawirikawiri imasonyeza kuti adilesiyo kulibe.
- spamreport ndi unsubscribe: munthuyo wadandaula, kapena wanena kuti musiye kumutumizira.
- open ndi click: kalata yatsegulidwa, kapena wadina linki.

Pokhazikitsa

Potumiza imelo iliyonse, phatikizaniko nambala ya lisiti lanu. Ku SendGrid mumaiika mu custom_args, ndipo imabwerera limodzi ndi lipoti, kotero mumadziwa msanga kuti nkhaniyo ndi ya katundu uti. Ikani nambala yokha. Dzina la munthu kapena nambala ya pasipoti zisapitemo.

Konzani adilesi ya HTTPS yolandira POST. Malipoti amabwera mu JSON, nthawi zambiri angapo pakamodzi. Musanakhulupirire chilichonse, yang'anani siginecha ya kampaniyo. Ambiri amadumpha pamenepa chifukwa chothamangira kumaliza, koma adilesi yopanda chitetezo aliyense angaitumizire lipoti labodza ndi kuchotsa makasitomala anu pa mndandanda.

Lipoti likafika, lisungeni kaye mu database ndi kuyankha 200 nthawi yomweyo, ntchito zina pambuyo. SendGrid ikapanda kuyankhidwa bwino imayesabe kwa maola 24, ndiye lipoti limodzi likhoza kufika kawiri. Sungani sg_event_id kuti mulizindikire. Malipoti sabweranso motsatana nthawi zonse, choncho tsatani nthawi yolembedwa m'kati mwa lipoti lililonse, osati nthawi imene lafikira.

Seva yolandira malipotiwa isakhale kompyuta ya mu ofesi. Aliyense amene anali kuno mu 2023 akukumbukira mmene Eskom inkazimitsira magetsi. Amazon Web Services ili ndi maseva ake mu mzinda uno kuyambira mu Epulo 2020, ndipo makampani ena osunga mawebusaiti alipo ambiri.

Bounce ndiye mtima wa nkhaniyi

Kulandira malipoti osachitapo kanthu n'kutaya nthawi. Adilesi ikabwezedwa chifukwa kulibe, pulogalamu yanu iiike chizindikiro ndi kusiya kuitumizira, kenaka iuze wa pa kauntala kuti amuimbire munthuyo kapena amulembere pa WhatsApp. Anthu athu ambiri anachita kutsegulitsa imelo pogula foni, ndipo poilemba pa fomu chilembo chimodzi chimasowa. Mayi amene akudikira uthenga woti katundu wake wafika ku Mangochi sayenera kuvutika chifukwa cha chilembo chimodzi.

Palinso mbiri ya akaunti yanu. Amazon SES imayamba kuunika akaunti yanu makalata obwezedwa akafika 5 pa 100 alionse, kapena madandaulo akafika 1 pa 1,000, ndipo zikapitirira ikhoza kukuimitsani kutumiza. Kuyambira mu Febuluwale 2024, Gmail ndi Yahoo zinakhwimitsanso malamulo. Gmail imafuna kuti madandaulo a spam asafike 3 pa 1,000, ndipo otumiza makalata 5,000 pa tsiku ayenera kukhala ndi SPF, DKIM ndi DMARC. Ngakhale inu otumiza ochepa, konzani zitatuzi.

Open musaikhulupirire kwambiri

Kampani imadziwa kuti kalata yatsegulidwa pogwiritsa ntchito kachithunzi kakang'ono kosaoneka kamene imabisa m'kalatamo. Kuyambira mu Seputembala 2021, pulogalamu ya Mail ya Apple imatha kukoka kachithunziko yokha mwini wake asanaone n'komwe kalatayo. Ena anatseka zithunzi, ndiye amawerenga koma inu osadziwa. Musamuuze munthu kuti "munaona chikumbutso cha ngongole yanu" chifukwa cha lipoti limeneli. Si umboni.

Lamulo

Lamulo la POPIA, limene aliyense anayenera kuyamba kulitsata pofika 1 Julayi 2021, limateteza aliyense wokhala m'dziko lino, mlendo yemwe. Adilesi ya imelo ndi mbiri ya zimene munthu wadina ndi zinthu zake zachinsinsi. Auzeni anthu zimene mumasunga, ndipo muzifafaniza zikatha ntchito. Gawo 69 likunena za makalata otsatsa malonda: amene wakana, musamutumizirenso. Lisiti ndi kalata yotsatsa muzizitumiza padera, kuti wokana malonda azilandirabe malisiti ake.

Yesani musanayambe

SendGrid ili ndi batani lotumizira malipoti oyeserera. Ku Amazon SES, malipoti amadutsira ku chida cha Amazon chotchedwa SNS, ndipo mukatumiza kalata ku bounce@simulator.amazonses.com imabwezedwa popanda kuwononga mbiri ya akaunti yanu. Tumizani, kenaka tsegulani database muone ngati chizindikiro chija chalowa pa adilesi yoyenera.