Phunziro la Zaumoyo: Kachotupa Kosapweteka pa Chala

Amayi, tiyeni titambasule manja athu tiwaone. Mwina pakati pathu alipo amene ali ndi kachotupa kolimba ngati nzama pa chala, ndipo wakhala nako zaka ziwiri kapena zitatu. Popeza sikapweteka, ambiri timangokasiya. Timakakumbukira tsiku limene mphete yakana kulowa, kapena singano yayamba kuvuta kugwira.

Chala chimapindika chifukwa cha mtsempha wolimba umene umachikoka. Mtsemphawu umayenda m'kachikuto kake, monga waya wa buleki ya njinga amayendera m'kapaipi. Pa kachikuto kameneka ndi pamene pamamera chotupa chimene madokotala amachitcha giant cell tumour, chifukwa pa makina oonera tinthu tating'ono amapezamo maselo akuluakulu. Chimakonda anthu a zaka 30 mpaka 50, amayi kuposa abambo, makamaka pa chala chachikulu, cha mkombaphala ndi chapakati, mbali ya kuchikhatho. Si khansa ayi. Sichipatsirana, ndipo sichibwera chifukwa chochapa kapena kulima.

Pali chotupa china chofanana nacho, chimenenso chimapezeka kawirikawiri kuposa ichi: kathumba ka madzi kamene kamatuluka pamkono kapena pa chala. Kameneko kamatha kukula ndi kuphwa kokha, ndipo mukakaunika ndi tochi mumdima kuwala kumadutsa. Chotupa cha lerochi n'chamnofu. Kuwala sikudutsa, ndipo sichiphwa, chimangokula pang'onopang'ono.

Apa ndiime pang'ono. Chonde tisatemepo mphini, tisabaye ndi singano kapena minga. Mulibe mafinya, mulibe madzi oti atuluke. M'mbali mwa chala mumadutsa timitsempha ta magazi ndi tomvera kukhudza. Lumo likadula kamodzi, nsonga ya chala ingachite dzanzi mpaka kalekale, ndipo majeremusi akalowa m'kachikuto kaja chala chimatha kuuma.

Tiyambire ku chipatala chapafupi, monga cha Mapale kapena St John's, ndi kabuku kathu ka kuchipatala. Kumeneko akhoza kutitumiza ku Mzuzu Central ku Luwinga, kwa a za mafupa. Adokotala amachigwira, n'kujambula ekisire kuti aone ngati chayamba kudinda fupa, mwinanso sikani. Mankhwala ake ndi opareshoni yochotsa chonse, ndipo nthawi zambiri amangochititsa dzanzi chala kapena mkono. Chimene achotsacho amachitumiza kukapimidwa, ndipo zotsatirazo ndi zimene zimatsimikiza matendawa. Tisaiwale kubwerera kukazimva.

Chovuta chake n'chakuti chimabwereranso, pafupifupi kwa munthu mmodzi kapena awiri mwa khumi. Chikakhalitsa chimazinga mtsempha ndi mfundo ya chala, ndipo kambewu kakang'ono kakatsalira kamaphukanso. N'chifukwa chake chaching'ono chimachotseka bwino kuposa cha zaka zisanu. Ulusi amachotsa pakatha pafupifupi milungu iwiri. Pa masiku amenewo bala lisanyowe, choncho anzathu a m'gulu timuthandize kuchapa ndi kuphika. Koma chala chizipindidwa ndi kuwongoledwa monga a fiziyo anenera.

Chotupa chikakula msanga, chikachita bala, kapena chikamapweteka usiku, si cha phunziro lino. Pitani mawa lomwe.

Zokambirana m'magulu: Kodi n'chiyani chimatichedwetsa kupita ku chipatala pamene chinthu sichikupweteka? Nanga mnzathu akachitidwa opareshoni ya dzanja, ntchito zake zapakhomo tingagawane bwanji?