Vesiti yolemera: kungoivala sikulimbitsa mafupa

Pa TikTok ndi pa Instagram padzaza amayi a ku America ndi ku Britain akuyenda mumsewu atavala vesiti yokhala ndi timatumba ta mchenga kapena tizitsulo. Uthenga wawo ndi umodzi: valani, mafupa alimba. Nkhawa imene ikuwachititsa zimenezi ndi yomveka. Mayi akasiya kusamba, mahomoni a estrogen amatsika, ndipo mafupa amayamba kufooka mofulumira mwiniwake osamva kupweteka kulikonse. Bungwe la International Osteoporosis Foundation limanena kuti mwa amayi atatu aliwonse opitirira zaka 50, mmodzi adzathyoka fupa chifukwa cha kufookaku. Koma ambiri mwa amayi amene ndawaona ali ndi vesitiyi amaigwiritsa ntchito m'njira yosathandiza fupa, ndipo ena amathera kwa dokotala ndi msana.

Yambani ndi kudzifunsa ngati ili yoyenera inu. Musayambe musanaonane ndi dokotala kapena a mafizo ngati munathyokapo fupa mutangogwa pang'ono, ngati msana wayamba kupindika, ngati mwakhala mukumwa prednisolone kwa nthawi yaitali, ngati BP yanu sikutsika, ngati muli oyembekezera, kapena ngati chiberekero chimatsika kapenanso mkodzo umathawa mukatsokomola. Kufupika msinkhu musakutenge ngati ukalamba chabe, chifukwa kungasonyeze kuti timafupa ta msana tinaphwanyika kale. Kumene kuli makina a DXA, oyeza kulimba kwa mafupa, kayezetseni. Nambala yotuluka pa makinawo, yotchedwa T-score, ikakhala -2.5 kapena kutsikirapo, matenda ofooketsa mafupa a osteoporosis alipo, ndipo vesiti siingalowe m'malo mwa mankhwala. Jakisoni wolera wa Depo-Provera ndi ma ARV okhala ndi tenofovir amachepetsako kulimba kwa mafupa. Mankhwalawo musasiye ayi. Ingowauzani adokotala kuti nkhani ya mafupa ikukudetsani nkhawa.

Pogula, sankhani yoti mutha kuchotsa ndi kuwonjezera kulemera kwake, yogwira thupi osagwedera, yolemera mofanana kutsogolo ndi kumbuyo. Mongoyerekeza, ku Britain yabwino ili pakati pa £30 ndi £70, ku Johannesburg mwina R600 mpaka R1,500. Kuno kwathu telala atha kukusokerani ndi nsalu ya jinzi ya pa kaunjika, inu n'kuikamo timapaketi ta mchenga wouma ta theka la kilogalamu toyeza pa sikelo, ndipo mtengo wake sungatalikirane ndi wosoketsa diresi. Chikwama cha kumsana chodzaza mabuku chisiyeni. Chimakokera munthu kumbuyo, iye n'kumawerama kuti asagwe.

Kulemera koyambira kusapose 5 peresenti ya sikelo yanu. Mayi wa makilogalamu 60 ayambe ndi makilogalamu 2 kapena 3, aziwonjezera theka la kilogalamu pakatha milungu iwiri, ndipo asadutse makilogalamu 6 popanda womuyang'anira. Amene amagula ya makilogalamu 10 poti inali yotchipa amavala sabata imodzi, khosi n'kuuma, vesiti n'kukathera pansi pa bedi.

Tsopano tafika pamene ambiri amaphonya: chimene mumachita mutaivala.

Amayi ambiri amaivala m'mawa, n'kumaphika, kuchapa, kuonera TV, madzulo n'kuyenda pang'ono mumsewu, akukhulupirira kuti maola akachuluka fupa lilimba kwambiri. Sizitero. Fupa ndi lamoyo. Mkati mwake muli maselo amene amamva likapanikizika, ndipo amadzutsa maselo ena kuti amange fupa latsopano pamalo omwe apanikizikawo. Koma maselowa sachedwa kuzolowera. Chimene chimawadzutsa ndi kugunda kwamphamvu, kwadzidzidzi, kochokera mbali imene sanaizolowere. Katundu wongokhala pathupi tsiku lonse sawadzutsa. Mu 1984 akatswiri awiri, Clinton Rubin ndi Lance Lanyon, anaonetsa zimenezi pa fupa la phiko la tambala: kulipanikiza ka 36 patsiku kunali kokwanira kulikulitsa, ndipo kuchulukitsa mpaka ka 1,800 sikunawonjezere kanthu.

Pa anthu zaonekanso. Mu 2025 ofufuza a ku Wake Forest University ku America anatulutsa zotsatira za kafukufuku wa anthu achikulire 150, ambiri mwa iwo amayi, amene ankachepetsa thupi kwa miyezi 12. Gulu lina linkavala vesiti pafupifupi maola 7 patsiku. Pomaliza, fupa lawo la m'chiuno linali litafooka mofanana ndi la amene sanavale. Gulu linanso, limene linkanyamula zitsulo, nalonso linataya fupa, choncho amene mukuonda dziwani kuti kuondako kumadyanso mafupa. Koma taganizirani: maola 7 tsiku lililonse, chaka chathunthu, fupa osapindula.

Nanga mbiri yoti vesiti imathandiza inachokera kuti? Yambiri inachokera ku Oregon State University, kumene Christine Snow ndi anzake anatsatira amayi 18 osiya kusamba kwa zaka 5, n'kufalitsa zotsatira mu 2000. Theka la amayiwo linasunga fupa la m'chiuno, pamene enawo linawachepera ndi pafupifupi 4 peresenti. Otsatsa malonda amathera pomwepa. Chimene satchula n'chakuti amayi amene anasunga fupawo sankangoyenda. Katatu pa sabata ankachita masewera olimbitsa miyendo atavala vesiti, ndiponso ankadumpha. Gululo linali laling'ono, komabe phunziro lake likugwirizana ndi zina zonse zodziwika za mafupa. Ku Griffith University ku Australia, amayi a mafupa ofooka amene ankanyamula zitsulo zolemera ndi kudumpha kawiri pa sabata, mphindi 30 zokha, moyang'aniridwa, anawonjezera kulimba kwa mafupa a msana ndi pafupifupi 3 peresenti m'miyezi 8.

Ena amati, “Ife timasenza ndowa ya malita 20 tsiku ndi tsiku, vesiti ya chiyani?” Ntchito imeneyo ndi yolemetsadi, koma agogo amene asenza moyo wawo wonse nawonso amathyoka chiuno akaterereka ku bafa.

Choncho chitani motere, masiku atatu pa sabata, kudumphitsa tsiku limodzi pakati. Sabata ziwiri zoyamba chitani zonse osavala vesiti.

Khalani pampando wolimba wotsamira khoma, pindani manja pachifuwa, dzukani, khalaninso pang'onopang'ono osadzigwetsa. Ka 10, pumani, bwerezani katatu. Kenako pitani pa sitepe ya pakhonde, kwerani ndi mwendo umodzi, phazi lonse litaponda, tsikani, ka 10 mwendo uliwonse. Mukatero ponyani mwendo umodzi kutsogolo, pindani mawondo onse awiri msana uli chilili, bwererani. Chitaninso chimodzimodzi moponya mwendo cham'mbali, popeza fupa la m'chiuno silinazolowere kupanikizika kuchokera kumeneko. Gwirani khoma ngati mukudzandira. Palibe manyazi.

Kenako kugunda. Imani pa zala za kumapazi mutagwira tebulo, ndipo dzigwetseni pa zidendene kuti pansi pamveke di! Mukumve kugundako kukukwera m'miyendo mpaka m'chiuno. Amayi ambiri amatsika mwaulemu ngati akuopa kudzutsa mwana, ndipo akatero ataya cholinga chonse. Kukhale di! weniweni. Yambani ndi ka 10. Mawondo ndi msana zikapanda kudandaula kwa mwezi, yambani kudumpha pang'ono ndi miyendo yonse iwiri, mapazi kungochoka pansi, kutera mawondo atapindika pang'ono. Kudumpha kuyambe popanda vesiti, kasanu kokha, n'kumawonjezera mpaka ka 20 kapena 30 pakapita miyezi. Pitani kaye kuchimbudzi musanayambe. Amene anapezeka kale ndi osteoporosis, makamaka wothyokapo msana, asadumphe pokhapokha a mafizo atavomereza.

Zonsezi sizidutsa theka la ola. Mukamaliza, vulani.

Ndikuti vulani chifukwa ngozi yaikulu imabwera pambuyo pake. Mayi wamaliza masewera, vesiti ikadali pathupi, watenga tsache lalifupi n'kuyamba kusesa chowerama, kapena kukolopa ndi chisanza, kapena kunyamula mdzukulu pansi. Kuwerama ndi katundu pachifuwa kumapanikiza mbali ya kutsogolo ya timafupa ta msana, ndipo pamenepo ndi pomwe timaphwanyikira mwa munthu wa mafupa ofooka. Musawerame mutavala vesiti. Musapotokole thupi mutaivala. Chinthu chikagwa pansi, pindani mawondo, kapena chisiyeni mpaka mutavula.

Kuyenda nayo sikulakwa. Kumathandiza mtima ndi miyendo, ndipo miyendo yamphamvu imachepetsa kugwa. Kungoti musakuwerengere ngati masewera a mafupa.

Fupa limamangidwa ndi zimene mwadya. Usipa, matemba ndi kapenta zodyedwa ndi minga yomwe, mkaka, chambiko ndi masamba obiriwira zimapereka calcium, pomwe nyemba, mazira ndi nsomba zimamanga minofu. Amene muli ku Britain, a NHS amalangiza anthu akhungu lakuda kuti aganizire zomwa vitamini D wokwana mamaikilogalamu 10 patsiku chaka chonse, popeza dzuwa la kumeneko silikwanira. Fodya ndi mowa wambiri zimafooketsa mafupa.

Musayembekezere kuti DXA ionetsa kusintha chaka chisanathe, chifukwa fupa limasintha pang'onopang'ono. Chimene mudzayambe kuona ndi kudzuka pamphasa osagwira pansi, ndi kukwera minibasi osakokedwa dzanja. Kuphwanya kwa minofu tsiku lotsatira n'kwachibadwa. Koma bondo likatupa, chepetsani kulemera ndi kudumpha. Msana ukabaya mwadzidzidzi pamalo amodzi, kapena mwendo ukachita dzanzi, vulani vesiti nthawi yomweyo, pitani kuchipatala, ndipo muwauze zimene mumachita kuti aone ngati pakufunika kujambula msana.