Khadi la Eni M'thumba Mwanu

Kuchokera pa Golomoti kukafika ku banki ndi ulendo. Wina amakwera phiri kudzera msewu wokhotakhota wa ku Masasa mpaka ku Dedza boma. Wina amatsata msewu wa M5 kulowera ku Salima kapena ku Balaka. Thiransipoti ndi yodula, ndipo tsiku lonse limathera panjira. N'chifukwa chake kuno timakonda kutumana. Mphunzitsi amapatsira mnzake khadi la ku banki. Agogo olandira penshoni amatuma mdzukulu. Mlimi wa mpunga ku sikimu ya Bwanje amatuma mlamu wake chifukwa iye ali kalikiliki kumunda.

Kutumana si mlandu. Koma pali malire amene ukawadumpha, khadi la mnzako limakulowetsa m'chitokosi. Tiwadziwe malirewo.

Mmene khadi limagwirira ntchito

Ndalama sizikhala m'kati mwa khadi. Zimakhala mu akaunti ku banki. Khadi limangouza makina a ATM kuti akaunti yake ndi iti. Kenako makina amafunsa nambala yachinsinsi, ija timati pini. Khadi ndi pini zikagwirizana, makina amafunsa kompyuta ya banki ngati mu akauntimo muli ndalama. Zikakhalamo, amatulutsa. Kuyambira mu 2015 mabanki a m'Malawi analumikizana kudzera mu Natswitch, choncho khadi la banki imodzi limatapa pa makina a banki ina.

Makinawo safunsa kuti ndinu ndani. Aliyense wobwera ndi khadi ndi pini yolondola amamutenga ngati mwini wake. Koma banki siiwala. Imalemba tsiku, nthawi, malo ndi ndalama zimene zatapidwa. Pa makina ambiri pali kamera yojambula nkhope. Mwini akaunti amathanso kulandira uthenga pa foni nthawi yomweyo. Zonsezi zimadzakhala umboni kukhothi.

Chilolezo chili ndi malire

Mnansi akakubwereka njinga kuti upite kuchigayo, sanakulole kuti uipalase mpaka ku Monkey Bay. Ndi mmenenso zilili ndi khadi. Mwini wake amalola ndalama zakutizakuti, tsiku lakutilakuti, pa ntchito yakutiyakuti. Kudziwa pini si chilolezo. Chibale si chilolezo. Ngakhale ukwati si chilolezo.

Tiyerekeze kuti agogo ena apita kupolisi atapeza kuti mu akaunti mwawo mulibe kanthu. Wapolisi akufunsa:

"Agogo, khadi munampatsa nokha mdzukulu wanuyu?"

"Eya bwana, ndinampatsa ndine."

"Munati atape zingati?"

"K30,000, ya chimanga ndi mankhwala."

"Nanga K50,000 imene inatapidwa Lachinayi?"

"Imeneyo sindikuidziwa, mwanangu. Khadi anati wayiwala m'thumba la jekete."

Mnyamatayo akhoza kunena kuti, "Ndimafuna ndidzabweze ndikagulitsa thonje." Mawu amenewa samupulumutsa. Gawo 271 la malamulo a milandu, amene amatchedwa Penal Code, limafotokoza tanthauzo la kuba. Limati munthu wotenga ndalama za wina n'kuzigwiritsa ntchito mmene iye akufunira waba ndithu, ngakhale anali ndi maganizo odzabweza. K30,000 ija inali yotumidwa. K50,000 ija ndi yakuba. Gawo 278 limati chilango cha kuba chikhoza kufika zaka 5 m'ndende.

Nanga kungopezeka nalo khadi, osatapa kanthu?

Apa ndi pamene ambiri amadabwa. Khadi palokha ndi katundu. Kulitenga mobisa m'chikwama mwa mayi anu ndi cholinga choti mulisunge kapena mulipinyolitse ndi kuba, ngakhale musanafike nalo pa makina.

Palinso gawo 329. Gawoli limakhudza munthu wopezeka ndi chinthu chimene chikuganiziridwa kuti ndi chobedwa kapena chopezedwa mwachinyengo. Munthu wotere amayenera kufotokozera khothi mmene anachipezera. Kufotokozako kukapanda kumveka, mlandu umamugwera. Taganizani munthu amene apolisi amusecha pa rodibuloko n'kumupeza ndi makhadi asanu a mayina osiyanasiyana. Funso loyamba lidzakhala lakuti, "Eni ake akudziwa?" Ngati eni ake abwera n'kuvomera kuti anamutuma, nkhani ikhoza kuthera pomwepo. Ngati akana, yavuta.

Wolandira naye sapulumuka. Gawo 328 limati wolandira kapena kusunga chinthu akudziwa kuti ndi chobedwa akhoza kukhala m'ndende mpaka zaka 14. Onani kuti chilango cha wosunga chimaposa cha wakuba wamba. Kuwonjezera apo, mu 2016 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act, limene limaletsa kulowa m'makompyuta ndi m'zinsinsi za ena popanda chilolezo.

Khadi lotola ndi khadi la malemu

Mwatola khadi pamsika wa Golomoti kapena m'minibasi. Kodi chotola si chako? Lamulo limamvera chifundo wotola pokhapokha ngati sakudziwa mwini chinthucho, ndipo ali ndi chifukwa chomveka chokhulupirira kuti mwiniyo sangapezeke. Mwini khadi ndi wosavuta kupeza. Pakhadipo pali dzina la banki ndi nambala, ndipo nthawi zambiri pamakhalanso dzina la munthu. Choncho lipititseni kupolisi kapena ku banki yake. Musaliyese pa makina. Mukaphonya pini katatu khadi limatsekedwa, koma nkhope yanu yatsala mu kamera.

Za maliro ndi zowawa kuzikamba, koma tizikambe. Bambo akamwalira pamafunika bokosi, ufa, ndiwo ndi galimoto. Wina amene amadziwa pini amathamangira ku makina. Mtima wake ukhoza kukhala wabwino, koma chilolezo chija chinatha tsiku limene bambo anatsikira kuli chete. Ndalamazo tsopano ndi chuma chamasiye, cha mayi ndi ana. Lamulo la chuma chamasiye la mu 2011 limati kulanda chumacho ndi mlandu. Njira yake ndi kudziwitsa banki za imfayo, kenako kupita ku ofesi ya bwanamkubwa ku Dedza kuti akuuzeni zoyenera kuchita.

Khadi kwa wakatapila

Tikhalepo pang'ono pamenepa, chifukwa makhadi ambiri a eni sali m'manja mwa mbava za usiku. Ali m'madirowa a akatapila.

Zimayamba chonchi. Pakati pa mwezi mwana wadwala, kapena fizi yavuta. Munthu wolandira malipiro ku banki amapita kwa wakatapila. Wakatapila amati, "Ndikupatsani, koma musiye khadi ndi pini ngati chikole." Malipiro akangolowa, woyamba kufika pa makina ndi wakatapila. Amatapa ngongole yake ndi chiwongoladzanja, chimene nthawi zambiri chimakhala theka la ngongoleyo kapena kuposa, pa mwezi umodzi wokha. Mwini malipiro amalandira zotsala. Zotsalazo sizifika pakati pa mwezi, ndiye amakongolanso. Khadi limagonera komweko mwezi ndi mwezi, mpaka munthu kuiwala mtundu wake.

Wakatapila adzati, "Anandipatsa yekha." N'zoona. Komabe kupereka uli pa moto si kupereka chilichonse. Akatapa zoposa zimene munagwirizana, zapamwambazo waba. Akakana kubweza khadi ngongole itatha, akusunga chinthu chanu popanda chilolezo. Ndipo ngati khadilo linabwera ndi mwana amene anangolitenga kwa mayi ake, mwanayo ndi wakatapilayo onse ali m'madzi. Gawo 271 lija limatchula poyera kutenga chinthu cha wina ndi cholinga chokachiyika chikole. Wakatapila wolandira khadi lotere akudziwa, gawo 328 limamudikira.

Pali zinanso ziwiri zimene wokongola ayenera kudziwa. Bizinesi yokongoza ndalama imafuna chilolezo chochokera ku Reserve Bank of Malawi, ndipo akatapila ambiri alibe. Komanso pali lamulo lakale lotchedwa Loans Recovery Act. Lamuloli limapatsa khothi mphamvu younikanso ngongole imene chiwongoladzanja chake ndi chankhanza, n'kuchichepetsa. Anthu ambiri amavutika mwakachetechete chifukwa cha manyazi, osadziwa kuti khomo la khothi ndi lotsekula. Ine zimandiwawa kuona munthu wagwira ntchito mwezi wathunthu, choko chili mbuu m'manja, koma tsiku la malipiro n'kukaima pakhomo pa munthu wina kupempha ndalama zake zomwe.

Abale athu amene ali ku Joni amaidziwa nkhaniyi. Kumeneko akatapila amawatcha mashonisa. Lamulo la ku South Africa la National Credit Act la mu 2005 limaletseratu wokongoza ndalama kusunga khadi la ku banki, pini kapena chiphaso cha wokongola, ndipo apolisi amawagwira akawapeza ndi milu ya makhadi. Kwathu kuno tinaonanso zofanana ndi zitupa za unzika zimene tinalembetsa mu 2017. Pulogalamu ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo ya AIP itayamba mu 2020, mavenda ena ankasonkhanitsa zitupa za alimi kuti akagulire feteleza, ndipo apolisi anamanga anthu opezeka ndi zitupa za eni.

Chinthu chimodzi chowawa n'chakuti banki imakuuzani potsekula akaunti kuti pini musauze munthu. Mukaulula nokha, ndalama n'kutapidwa, kawirikawiri banki sibweza. Mlandu umakhala pakati pa inu ndi amene munamuuzayo.

Zikachitika

Khadi likasowa, kapena wina akalikakamira, imbani foni ku banki tsiku lomwelo kuti alitseke. Khadi lotsekedwa silitapanso, ngakhale wolisungayo akudziwa pini. Banki idzakupatsani lina mukapita ndi chitupa chanu, ngakhale pamakhala kolipira. Pemphaninso sitetimenti, pepala losonyeza ndalama zonse zolowa ndi zotuluka. Pepala limeneli ndilo mupite nalo kupolisi. Ngati wolanda khadi ndi mwamuna wanu kapena wachibale wa m'nyumba, funsani ofesi ya apolisi yothandiza ozunzidwa. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja la mu 2006 limawerengera kumana munthu chuma chake ngati nkhanza.

Ngati mwatumidwa ndinu, tapani zimene mwauzidwa zokha. Tengani risiti pa makina. Bwezani khadi, ndalama ndi risiti tsiku lomwelo, pamaso pa mboni ngati n'kotheka. Ndipo inu wotuma, mukapeza mpata sinthani pini.

Nanga mukamangidwa? Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino limati akuuzeni chifukwa chimene akumangirani, m'chilankhulo chimene mumamva. Muli ndi ufulu wokhala chete. Ayenera kukufikitsani kukhothi pasanathe maola 48, kupatula ngati nthawiyo yathera pa tsiku limene khothi siligwira ntchito. Belo ya kupolisi ndi yaulere. Ngati mulibe ndalama za loya, funsani a Legal Aid Bureau, amene boma linawaika kuti aziyimira osauka.

Zokambirana ndi zolemba

Mayi wina watuma mwana wake kukatapa K20,000. Mwanayo watapa K25,000, ndipo akuti K5,000 yapamwambayo inali ya thiransipoti. Kodi walakwa? Akanayenera kugwirizana chiyani asananyamuke? Kambiranani awiriawiri.

Kodi m'mudzi mwanu munthu angakongole kuti ndalama popanda kusiya khadi? Fotokozani mmene banki mkhonde ya kwanu imayendera.

Tsopano tembenuzani khadi lanu. Pezani nambala ya foni ya banki imene yalembedwa kumbuyo. Ikopereni m'kope mwanu, manambala onse mwadongosolo, kenako muwerengereni mnzanu mokweza. Pini yokha musailembe m'kopemo.