Phunziro 18: Maliya ndi Zuze akonzekera Pasaka

KUWERENGA

Maliya ali ndi zaka 7. Iye ali m'kalasi yoyamba. Kwawo ndi ku Angónia, pafupi ndi phiri la Domwe.

Maliya ali ndi mlongo wake. Dzina lake ndi Zuze. Zuze ali ndi zaka 2. Amayenda yekha. Amathamanga, amagwa, amadzukanso. Ciliconse cimene waona amatola. Ciliconse cimene watola amaika m'kamwa.

Mvula ikutha. Cimanga cakhwima m'munda. Maungu, nyemba ndi mtedza zilipo. Usiku kwayamba kuzizira. Pasaka yayandikira.

Mtanda wa kanjedza

Loweruka m'mawa abambo anapita kumtsinje. Anabwera ndi masamba a kanjedza. Tsamba la kanjedza lili ndi minga kumunsi kwake. Abambo anacotsa minga yonse ndi mpeni. Atatha, anatsomeka mpeniwo kudenga, kumene Zuze safikira.

Agogo anakhala pamphasa. Anaitana Maliya.

"Bwera, mdzukulu wanga, uphunzire kupanga mtanda."

Agogo anathothola timasamba tiwiri. Kena kanali kakatali, kena kakafupi. Anapinda kalikonse pakati. Anaika kakafupi mopingasa pamwamba pa kakatali. Pamene tinakumana anamangapo ndi luzi. Mtanda unatheka.

Maliya anayesa. Woyamba unamasuka. Waciwiri unapendekeka. Wacitatu unali wabwino. Maliya anakondwa kwambiri.

Zuze anafika. Anagwira mtanda wa Maliya. Anakoka. Mtanda unang'ambika.

"Amayi! Zuze wandiwonongera mtanda! Mcotseni pano!"

Amayi anali kusenda mbatata. Anati: "M'manja mwake mulibe kanthu. N'cifukwa cake walanda cako. Mpatse tsamba lake."

Maliya anapatsa Zuze tsamba lalikulu lopanda minga. Zuze analigwedeza. Analikoka pansi. Anathamangitsa nalo nkhuku. Maliya anapanga mtanda wina, ndipo Zuze sanabwerenso kudzaukoka.

M'mawa mwake linali Lamulungu la Kanjedza. Anthu anayenda pamzere akuimba, masamba ali m'mwamba. Zuze anali kumsana kwa amayi. Tsamba lake linali lofota ndi lafumbi, koma iye analikweza ngati anthu onse. Pobwera kunyumba, Maliya anatsomeka mtanda wake pamwamba pa citseko.

Dongo

Lacitatu, Maliya ataweruka kusukulu, anapita kudambo ndi agogo. Anakatapa dongo. Analiika m'cidebe ndi kuwazapo madzi pang'ono.

Akukanda dongolo, agogo anasimba nkhani ya Pasaka. Anati Yesu anafa pamtanda tsiku Lacisanu. Abwenzi ake anamuika m'manda osemedwa m'thanthwe. Pakhomo pa mandawo anatsekapo ndi mwala waukulu. Lamulungu m'mamawa amayi ena anapita kumandako. Anapeza mwala uli pambali. M'manda munalibe munthu. Yesu anali atauka.

"Agogo, ndikufuna kuumba mandawo," anatero Maliya.

Anaumba kaphiri. Anaboola pakhomo ndi cala. M'kati anasalaza bwino. Pamwamba anazikapo timitengo titatu topingasa. Anaumbanso ng'ombe ziwiri. M'nkhani ya agogo munalibe ng'ombe, koma Maliya amakonda kuumba ng'ombe.

Ulendo uno Maliya sanaiwale. Anagawira Zuze dongo lake. Zuze analifinya. Analimenya. Analilawa, nalavula. Kenaka analigubuduza pansi ndi manja awiri. Dongo linakhala lobulungira ngati dzira lalikulu.

"Taonani, agogo! Zuze sadziwa kuumba. Cinthu cake cilibe miyendo."

Agogo anatenga cinthuco. Anaciika pakhomo pa manda a Maliya. Cinatseka bwinobwino.

"Iwe unaumba manda. Mwala unali kuti? Suwu wakuumbira mlongo wako?"

Maliya anayang'ana. Anaseka. Anaika zonse pamthunzi, m'khonde, kuti ziume pang'onopang'ono. Dongo likauma padzuwa lamphamvu limang'aluka.

Nyemba

Kuyambira Lacinayi Loyera usiku, belu la kuchalichi silinalire. Ng'oma nazo zinali cete. Zinali kudikira usiku wa Loweruka.

Loweruka masana amayi anali kuphika thobwa. Abambo anali kumunda. Agogo anali kuluka cisekese ca tsekera. Maliya anafuna kupangira Zuze coliza cake. Anatenga kacitini kokhala ndi civindikiro. Anatenga nyemba zouma pambale. Anayamba kuziponya m'kacitini akuwerenga.

"Imodzi, ziwiri, zitatu, zinayi..."

Mbuzi inalowa m'khichini. Maliya anathamanga kukaipirikitsa. Mbale ya nyemba anaisiya pansi.

Atabwera, anapeza Zuze akutikita mphuno. Zuze anayetsemula. Anayamba kulira. Maliya anasuzumira m'mphuno mwake. Munali nyemba!

Maliya anacita mantha. Anaganiza kuti amayi amukalipira. Pafupi panali kamtengo. Anakatola kuti atokose nako nyembayo. Dzanja lake linanjenjemera. Anayang'ana kamtengo, anayang'ana Zuze. Kenaka anakataya pansi.

"Amayi! Amayi! Bwerani msanga! Zuze waika nyemba m'mphuno!"

Amayi anasiya mthiko. Anathamanga.

"Kodi watokosamo?"

"Iyayi, amayi."

"Wacita bwino."

Amayi anakhazika Zuze pamiyendo ya agogo. Anatseka ndi cala mbali ya mphuno imene munalibe nyemba. Anaika pakamwa pawo pakamwa pa Zuze. Anauzira kamodzi, mwamphamvu. Nyemba sinatuluke. Anauziranso. Nyemba inatumpha, inagwera pamphasa.

Zuze analira pang'ono. Kenaka anafuna kutolanso nyemba yomweyo. Agogo anaiponda ndi phazi.

Maliya anayamba kulira. "Ndine ndinasiya mbale pansi."

Amayi anamupukuta misozi ndi nsalu. Anati: "Mbale ya nyemba imakhala pathandala. Usadzaiwalenso. Tsopano bwera naco citini cija."

Abambo atabwera, anakhoma civindikiro ndi mwala. Anacikulunga ndi kansalu, namanga ndi cingwe. Zuze anayesa kutsekula ndi mano. Analephera. Anagwedeza. Kacitini kanalira: tseke, tseke, tseke!

Pasaka

Usiku banja lonse linapita kuchalichi. Kunali kuzizira. Amayi anafunditsa Zuze nsalu ziwiri. Panja pa chalichi panali moto waukulu. Zuze anafuna kutsika kuti akaugwire. Amayi anakana. Anamubereka ndi kumanga nsalu zolimba.

Wansembe anayatsa kandulo yaikulu pamotopo. Anthu analowa m'chalichi muli mdima. Aliyense anayatsa kandulo yake kwa mnzake. M'chalichi munawala. Patapita nthawi belu linalira. Ng'oma zinalira. Agogo anagwedeza cisekese cawo. Amayi ambiri analuluta. Zuze anagwedeza kacitini kake, tseke, tseke, mpaka anagona kali m'manja.

Kutaca linali Lamulungu la Pasaka. Abambo anapha tambala. Amayi anaphika mpunga, nsima ndi ciwawa cotendera. Atsibweni anabwera panjinga kucokera ku Ulongwe. Anabwera ndi buledi ndi shuga. Maliya anapititsa thobwa kwa anansi. Anansiwo sapemphera kuchalichi kwa a Maliya, koma analandira ndi manja awiri. Pobweza cikho anaikamo magwafa.

Asanadye, Maliya anatulutsa manda a dongo. Anali atauma. Anawaika pamphasa, pakati pa anthu onse.

"Zuze, cotsa mwala wako."

Zuze anagwada. Anakankha mwala ndi cala. Mwala unagubuduka. Zuze anasuzumira m'kati.

"Palibe!" anatero Zuze.

Onse anaomba m'manja. Zuze anabwezera mwala pakhomo. Anaukankhanso. "Palibe!" Anacita zimenezi kasanu, nsima ikuzizira.

MAFUNSO

1. Kodi Zuze ali ndi zaka zingati?
2. N'cifukwa ciyani abambo anatsomeka mpeni kudenga?
3. Kodi Zuze anaumba ciyani?
4. Maliya anatola kamtengo. Kenaka anacita ciyani?
5. Ukaona mng'ono wako kapena mlongo wako waika cinthu m'mphuno, ungaitane yani?

KULEMBA

Werenga mokweza, kenaka ulembe m'kope:

pa pe pi po pu
Pasaka, pansi, pakhomo, palibe

Zuze wacotsa mwala.
Nyemba zili pathandala.

MASAMU

Maliya anaponya nyemba 4 m'kacitini. Abambo anaonjezamo nyemba 5. Kodi m'kacitini muli nyemba zingati?

Maliya anapanga mitanda 4. Umodzi unamasuka. Umodzi anaung'amba Zuze. Kodi inatsala ingati?

MAWU A CIPWITIKIZI

Pasaka: Páscoa
mtanda: cruz
mwala: pedra
dongo: barro
moto: fogo
nyemba: feijão
mphuno: nariz

KWA MAKOLO NDI ABALE

Nkhaniyi ndi yaitali kwa mwana wa kalasi yoyamba. Munthu wamkulu amuwerengere gawo limodzi pa tsiku, mwanayo akulondola ndi cala. Mizere yaifupi awerenge yekha. Atatha, asimbe nkhaniyo m'mawu ake. Mwana amene wamva nkhani m'cinenero ca kwawo savutika kugwira mawu a Cipwitikizi amene ali pamwambapa, cifukwa zinthuzo akuzidziwa kale.

Ana amafunsa cifukwa cake tsiku la Pasaka limasintha. Khirisimasi imakhala pa 25 Dezembro caka ciliconse, koma Pasaka imatsata mwezi wakumwamba. Mwezi ukakhala wathunthu pa 21 Marso kapena pambuyo pake, Lamulungu lotsatira ndilo la Pasaka. Motero tsikuli limagwa pakati pa 22 Marso ndi 25 Abrili. Mu 2024 linali pa 31 Marso, ndipo mu 2025 linali pa 20 Abrili. Masamba a kanjedza amene Akatolika amasunga m'nyumba amawatentha caka cotsatira, ndipo phulusa lake ndi limene amadzoza pamphumi pa Lacitatu la Phulusa, poyamba masiku 40 okonzekera Pasaka. Mipingo ina, monga wa Reformada, ili ndi macitidwe ake. Mabanja ena sasunga Pasaka konse. Mwana wa banja lotero aumbe cimene akufuna, kaya ng'ombe, kaya ngolo, kaya nkhali.

Pa masiku a cikondwerero akuluakulu amatanganidwa ndi kuphika ndi alendo, ndipo kamwana amakasiyira mkulu wake. Koma mwana wa zaka 7 nayenso ndi mwana. Angathe kusewera ndi mng'ono wake, koma munthu wamkulu akhale pafupi, poti akaitanidwa amve. Ngozi ikacitika, wamkuluyo asathamangire kumenya. Mwana amene amamenyedwa akaulula, tsiku lina adzabisa, ndipo adzatokosa yekha ndi kamtengo.

Nyemba, cimanga, mtedza, mikanda ndi timiyala zisasiyidwe pamene kamwana kafikira. Kakafuna mtedza, kapatsidwe nsinjiro m'phala, osati mtedza wathunthu, cifukwa umatsamwitsa. Cinthu cikalowa m'mphuno, asatokosemo ndi kamtengo, ndi kawaya kapena ndi cala, popeza cimangolowa m'kati. Asathiremo madzi, cifukwa nyemba ikanyowa imafufuma. Njira imene anatsata amayi a Zuze ayese kamodzi kapena kawiri basi. Cikapanda kutuluka, mwanayo apite naye kucipatala tsiku lomwelo. Ngati cimene calowa ndi kabatire kobulungira ka m'wochi kapena ka m'tochi, asataye nthawi kunyumba: kamawotcha mnofu m'maola ocepa, ndipo mwanayo athamange naye kwa anamwino nthawi yomweyo, ngakhale usiku. Cimodzimodzinso ngati wakameza.

Nthawi zina kamwana kamaika nyemba m'mphuno popanda woona. Cizindikiro cake ndi mamina onunkha otuluka mbali imodzi yokha ya mphuno kwa masiku angapo. Nayenso ameneyo akaonedwe kucipatala.

Zosewerera za m'phunziroli sizifuna ndalama. Dongo lili kudambo, kanjedza ali kumtsinje, luzi lili kuthengo. Kwa kamwana ka zaka 2 zinthu zikhale zazikulu, zoti sizingalowe m'kamwa: tsamba lathunthu, cibuma ca dongo codzaza manja awiri, citsononkho ca cimanga covekedwa kansalu. Citini ca coliza cisakhale cakuthwa m'mphepete, ndipo asatenge cimene munali mankhwala a mbewu kapena a makoswe, ngakhale citatsukidwa. Akatha kuumba, ana onse asambe m'manja ndi sopo kapena ndi phulusa asanadye.

NCHITO YA KUNYUMBA

Umba cinthu cimodzi ca dongo pamodzi ndi mwana wamng'ono wa kwanu kapena wa kwa anansi. Iwe uumbe mbali yako, iye aumbe mbali yake. Uciike pamthunzi masiku 3. Cikauma, ubwere naco kusukulu, udzauze anzako mbali imene anaumba wamng'onoyo.