Galu Akakubwererani, Imani Chilili

Anzanga, galu ndi bwenzi la munthu. Kuno ku Rumphi timamutcha ntcheŵe. Amatilondera nyumba ndi khola usiku. Koma galu yemweyo amaluma, ndipo mate ake akhoza kukhala ndi chiwewe. Munthu akangoyamba kudwala chiwewe, sachira. Pa anthu 100 odwala nthendayi, 99 amaitenga kwa galu. Ambiri mwa iwo ndi ana.

Tsono mungatani mutakumana ndi galu wolusa popita kudimba kapena kumsika wa Bolero?

Musathawe. Galu amathamangitsa chinthu chothawa, ndipo liwiro lake simungalipose. Imani chilili ngati chitsa, manja ali m'mbali. Musakuwe. Musamuyang'ane m'maso, chifukwa iye amayesa kuti mukufuna ndewu. Musamugende. Kawirikawiri adzangokununkhizani n'kumapita. Akatembenuka, bwererani m'mbuyo pang'onopang'ono.

Ngati muli pa njinga, tsikani. Njingayo ikhale pakati pa inu ndi galu. Akakugwetsani, dzipindeni, mubise nkhope ndi khosi ndi manja anu.

Galu amachenjeza asanalume. Amaonetsa mano, ubweya wa pamsana n'kuimirira. Musamuyandikire pamene akudya, akugona, kapena akuyamwitsa ana. Galu wachiwewe amatuluka dovu, amangoyendayenda ndi kuluma chilichonse. Wina amangofooka, kukamwa kuli yasa. Musamugwire. Kauzeni a mfumu ndi alangizi a ziweto.

Inu a ku Hewe ndi midzi yoyandikana ndi Vwaza ndi Nyika, samalani kwambiri. Nkhandwe ndi afisi nawonso amadwala chiwewe, ndipo amalumana ndi agalu a kumudzi.

Nanga akakulumani? Tsukani bala msangamsanga ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15. Musapakepo tsabola, phulusa, kapena ubweya wa galuyo. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale balalo lili laling'ono. Chilipo chipatala chachikulu pa boma la Rumphi, ndi cha David Gordon ku Livingstonia. Chipatala chaching'ono cha kwanuko chidzakuuzani kumene mungalandire katemera. Jekeseni wake si mmodzi ayi. Malizani onse pa masiku amene akuuzani.

Mwana amabisa bala poopa kukalipiridwa. Muuzeni mwana wanu kuti, "Galu akakuluma kapena kukukanda, udzandiuze. Sindidzakumenya."

Pomaliza, bayitsani galu wanu katemera chaka chilichonse. Agalu 7 mwa 10 alionse akabayidwa, chiwewe chimasowa podzera. Pa 28 Sepitembala mayiko onse amakumbutsana za nthendayi. Inunso kumbutsani anzanu a pamudzi.

Mafunso

1. Chifukwa chiyani simuyenera kuthawa galu?
2. Bala la galu litsukidwe kwa mphindi zingati?
3. Kodi galu wanu analandira liti katemera? Lembani mwezi ndi chaka.