Zilonda Zakukhosi Zingathe Kuononga Mtima wa Mwana

Amai, lero mwabwera kusikelo ndi wamng'ono kumbuyo, koma tikambe za mkulu wake amene mwamsiya kunyumba kapena wapita kusukulu. Matenda a nyamakazi ya mtima amakonda ana a zaka 5 mpaka 15, ndipo amayamba ndi kanthu kamene ambiri a ife sitikaŵerengera: zilonda zakukhosi.

M'miyezi ya June ndi July, chisanu chikatsika m'phiri la Zomba, ana amagona mothithikana, mazenera ali chitsekere. Pamenepo tizilombo totchedwa streptococcus timayenda msanga kuchoka kwa mwana wina kupita kwa mnzake kudzera m'malovu. Mwana amatentha thupi, amamva kuŵaŵa pomeza, ndipo pansi pa chibwano pamatupa. Kaŵirikaŵiri chimfine sakhala nacho.

Zilondazo zimapola zokha patapita masiku ochepa, ndipo chinyengo chake chili pomwepo. Thupi limapanga asilikali olimbana ndi tizilombo tija, koma mwa ana ena asilikaliwo amasokera nayamba kumenya ziŵalo za mwini wake. Pakatha milungu iŵiri kapena itatu bondo limatupa ndi kutentha. Maŵa lake ululu wasamukira m'kakolo kapena m'chigongono. Ena amagwedezeka manja ndi nkhope asakufuna, namagwetsa mbale, ndipo timaŵakalipira kuti ngosasamala. Kutupa kumene tikuona pabondoko kumachitikanso m'kati mwa mtima, pa tizitseko timene timaongolera magazi kuti aziyenda njira imodzi. Bondo limachira bwinobwino. Koma tizitseko timatsala ndi zipsera, ndipo matenda akabwereza zipserazo zimaonjezeka, mpaka kachitseko kamauma kapena kamaleka kutseka. Mwana amayamba kupuma ŵefuŵefu pokwera kamtunda, mapazi natupa.

Palinso ngozi ina. M'magazi muli tizigawo tating'ono, mapulateleti, tothandiza kuti magazi aundane pabala nasiye kutuluka. Koma magazi akamayenda mwaulesi mumtima woonongeka, amaundana pamene palibe bala. Kantchintchi ka magaziwo kakathothoka nikatseka mtsempha wa kuubongo, mnyamata kapena mtsikana amafa ziŵalo mbali imodzi.

Si mwana aliyense wodwala zilonda zakukhosi amene amafika pamenepa; ngochepa. Chibadwa chili ndi mbali yake. Madokotala anaona kuti mwa mapasa ofanana, mmodzi akadwala, mnzakenso amadwala kaŵirikaŵiri kuposa mwa mapasa osafanana. Tsono matendaŵa akaoneka kaŵiri pabanja limodzi, tisathamangire kuloza zala achibale kapena kutemera mwana mphini. Tengani abale ake onse akaŵapime mtima. Kafukufuku wa ku Lilongwe amene anafalitsidwa mu 2016 anapima ana 1,450 ndi makina oonera mtima, napeza kuti ana oposa 3 mwa 100 alionse anali ndi zizindikiro za matendaŵa, ngakhale ankaoneka athanzi.

Mankhwala ake ngakale, penisilini. Mwana wa zilonda zakukhosi ndi kutentha thupi mupite naye kuchipatala chapafupi, monga cha Matawale, musanathe masiku aŵiri. Adokotala akaona kuti ndi tizilombo tija, adzambaya jekeseni imodzi kapena kumpatsa mapiritsi a masiku 10. Mapiritsiwo amalize onse, ngakhale ayambe kudya ndi kuseŵera pa tsiku lachitatu. Asipirini musampatse mwana nokha; amenewo alembe ndi adokotala.

Amene anatupapo kale m'maondo, kapena anampeza ndi vuto la mtima ku Zomba Central Hospital, ayenera kubayidwa penisilini milungu 4 iliyonse kwa zaka zambiri, kufikira adokotala atanena kuti aleke. Jekeseniyi njoŵaŵa, sitingabise, ndipo ana ambiri amaithaŵa akayamba kupeza bwino. Lembani tsiku lake pakalendala ndipo mumperekeze. Ngati ndi mtsikana, mumuuze dzina la matenda ake, kuti akadzakula nakhala ndi pakati adzadziŵitse anamwino pa ulendo woyamba wa kusikelo, chifukwa pakati pamaonjezera mtima ntchito.